Chifukwa chake helikopita ya odwala nthawi zina imakana kutera padenga la chipatala

Bwalo lotera helikopita la pachipatala cha Royal London, ku Whitechapel kum'mawa kwa mzinda wa London, lili pansanjika ya 17, mamita oposa 80 kuchokera pamsewu. Ukaliona pachithunzi umangoti basi zatheka: helikopita itera, wovulala alowa m'chikepe, posakhalitsa ali m'chipinda cha opaleshoni. Zoona zake n'zakuti bwalo la padenga silikhala lotsegukira helikopita iliyonse, ola lililonse, nyengo iliyonse. Pali masiku omwe woyendetsa amalizungulira kamodzi n'kupita kukatera kupaki, wodwala n'kumalizira ulendo wake pa ambulansi ya pamsewu. Achibale amadandaula, manesi omwe anali chire pakhomo la chikepe amang'ung'udza, koma sikuti woyendetsayo wachita mantha ayi. Wangotsata masamu omwe adawerengedwa kale, ndipo ambiri mwa masamuwo amachokera pa funso limodzi: injini imodzi ikazima pa sekondi yoipitsitsa, helikopitayi igwera kuti?

Injini imodzi ikazima

Malamulo a ku Ulaya ndi ku Britain amati bwalo ndi lokwezeka ngati lili mamita 3 kapena kuposa pamwamba pa malo olizungulira. Likakhala pakati pa mzinda, pansi pake pali nyumba, mabasi ndi anthu oyenda pansi, ndipo palibe malo oti helikopita ingatere mwadzidzidzi osavulaza munthu. N'chifukwa chake helikopita yonyamula odwala imayenera kunyamuka ndi kutera pabwalo lotere m'gulu lomwe amalitcha Performance Class 1. Gululi limafuna kuti injini imodzi ikafa pa nthawi ina iliyonse, helikopita ithe kubwerera pabwalo bwinobwino kapena kupitiriza ulendo ndi injini yotsalayo osagunda kanthu. Ya injini imodzi yagwa kale mayeso pamenepa. Ya injini ziwiri nayonso siingodutsa mwaulere: iyenera kukhala yovomerezedwa mu Category A, gulu la mahelikopita opangidwa kuti azitha kuuluka injini imodzi itazima, ndipo kulemera kwake pa tsikulo kukhale mkati mwa malire omwe ali m'buku la helikopitayo. Bungwe la London's Air Ambulance, lomwe lidayamba ntchito mu 1989, lidagwiritsa ntchito MD902 Explorer kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 lidasinthira ku Airbus H135 ziwiri. Zonsezi ndi za injini ziwiri.

Kanyamukidwe kake kamadabwitsa anthu oonera pansi, chifukwa helikopita imayamba ndi kubwerera m'mbuyo. Woyendetsa amaidzutsa pang'ono, mita imodzi kapena awiri, n'kuima m'malere kuti aone mphamvu yomwe injini zikugwiritsa ntchito. Zikakhala bwino, amakwera pang'onopang'ono uku akubwerera m'mbuyo, bwalo likuonekabe pagalasi la kumapazi kwake. Amakwera choncho mpaka pamsinkhu womwe buku lidatchula, wotchedwa TDP, pomwe amapanga chiganizo. Injini ikazima asanafike pamenepo, amatsika chakutsogolo m'njira yomwe adakwerera ija n'kukhalanso pabwalo, ndipo apa m'pomwe kubwerera m'mbuyo kuja kumalipira. Ikazima atadutsa TDP, kubwerera kulibe. Amaweramitsa mphuno ya helikopita kuti ipeze liwiro lokwanira kukwera ndi injini imodzi, ndipo pochita zimenezi imatsika kaye. Potsikapo, mbali iliyonse ya helikopita, mchira womwe, iyenera kuphonya m'mphepete mwa bwalo ndi mafiti 15, kutanthauza mamita 4.5, ndipo zopinga za kutsogolo izidutse ndi mafiti 35, omwe ndi mamita 10.7. Potera palinso msinkhu wofanana nawo, LDP: injini ikafa asanaufike angathe kusiya kutera, ikafa ataudutsa ayenera kutera basi.

Injini yotsalayo ili ndi mphamvu yapadera yomwe imatulutsa kwa masekondi 30 okha, ina yocheperapo ya mphindi 2, kenako mphamvu yomwe ingathe kupitiriza nayo. Masekondi 30 amenewo ndi ongongola: injini imatentha kupyola muyeso wa masiku onse, ndipo amakaniko amayenera kuiunika isanaulukenso. Kutalika kwa nyumba kumathandiza mbali imodzi, popeza helikopita ili ndi mpata wotsika pambali pa nyumbayo ikufunafuna liwiro. Koma mpatawo umawerengedwa pokhapokha ngati kutsogoloko kulibe nyumba ina, chumuni kapena kireni.

Kumbuyo nako kuyenera kukhala koyera, ndipo kumeneku n'komwe zipatala zimalakwitsa kawirikawiri. Denga la chipatala limakopa aliyense wofuna kuika mlongoti wa wailesi, thanki ya madzi kapena makina oziziritsa mpweya. Woyendetsa saona kumchira kwake. Pa 29 Meyi 2008, ku Grand Rapids m'chigawo cha Michigan ku America, helikopita ya odwala ya mtundu wa Sikorsky S-76 inkanyamuka padenga la chipatala cha Butterworth pa ulendo woyeserera, ndipo pulopela ya kumchira idagunda nsanja ya milongoti yomwe idali padengapo. Idagwera padenga pomwepo n'kuyaka. Anthu awiri omwe adali m'katimo adapulumuka, koma chipatala chidasamutsa odwala m'nsanjika za pamwamba.

Kulemera, kutentha ndi mafuta

M'buku la helikopita iliyonse ya Category A muli tchati chomwe oyendetsa amachitcha WAT, chophatikiza kulemera, kukwera kwa malo ndi kutentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho mapiko amagwira zochepa ndipo injini imapuma movutikira. Mwachidule, digiri iliyonse yoposa kutentha koyenera kwa malowo imachititsa helikopita kumva ngati yakwera mafiti 120 ena. London ali pafupifupi pamsinkhu wa nyanja, pomwe kutentha koyenera ndi madigiri 15. Pa 19 Julaye 2022 kubwalo la ndege la Heathrow ku London kudatentha kupitirira madigiri 40, ndipo tsiku lotero helikopita ya padenga la ku London imamva ngati ili paphiri la mamita 900. Ku Johannesburg, mzinda wokwera pafupifupi mamita 1,750, masana a madigiri 30 helikopita imamva ngati ili pamamita 2,700. Helikopita yomweyo, ndi anthu omwewo, ingathe kukwanira m'tchati m'mawa n'kulephera itakwana 2 koloko masana.

H135 ikadzaza imalemera pafupifupi matani atatu. Ku London m'kati mwake mumakhala oyendetsa awiri, dokotala, paramediki, kawirikawiri dokotala wamkulu winanso, zikwama za zida, magazi, mabotolo a okosijeni, kenako wodwalayo. Pa zonsezi, chomwe chingachepetsedwe mosavuta ndi mafuta okha. Helikopita ya msinkhu umenewu imamwa pafupifupi makilogalamu 200 pa ola, ndiye munthu mmodzi wowonjezera ndi chikwama chake amadya pafupifupi theka la ola la ulendo. N'chifukwa chake matanki sawadzaza mpaka pakamwa, komanso n'chifukwa chake wachibale amakanizidwa kukwera ngakhale mpando ukuoneka wopanda munthu. Mafuta nawo ali ndi malire ake a pansi: ayenera kutsala a mphindi 30, kapena 20 kudera lokhala ndi malo ambiri otera mwadzidzidzi, ndipo amenewo sawerengedwa ngati a ulendo.

Mphepo yochokera kutsogolo imathandiza kunyamuka, koma malamulo salola kuikhulupirira yonse. Powerengera, amatenga theka lokha la mphepo ya kutsogolo, pomwe ya kumbuyo amaiwerenga kuti ndi imodzi ndi theka.

Pali kampata kamodzi. Zipatala zambiri za ku Ulaya zidamangidwa ndi timabwalo tating'ono malamulowa asanakhwime, ndipo kutseka tonse kukanapha anthu ambiri kuposa omwe kukanapulumutsa. Choncho mabwalo akale, makamaka omwe adakhazikitsidwa Julaye 2002 asanafike, angathe kupatsidwa chilolezo chapadera ngati malo othandiza anthu, malinga helikopita ithe kukwera mamita 8 pa mamita 100 aliwonse ndi injini imodzi. Chipatala chatsopano chisaganize zobisala kumbuyo kwa chilolezo chimenechi. Sichidalembedwere icho.

Manambala awiri olembedwa pabwalo

Woyendetsa akamayandikira bwalo la chipatala amaona H wofiira pamtanda woyera, mzere wozungulira wachikasu, ndi manambala awiri. Yoyamba ndi D, kutalika konse kwa helikopita yaikulu kwambiri yomwe bwalolo lingalandire, kuyeza kuchokera kunsonga ya mapiko kutsogolo mpaka kumapeto kwa mchira mapiko akuzungulira. H135 ili ndi D ya mamita 12 ndi pang'ono, H145 ili pa 13.6, AW169 pa 14.65, ndipo Sikorsky S-92 ya opulumutsa anthu panyanja ili pafupi ndi 21. Yachiwiri ndi kulemera m'matani, yolembedwa ndi t kumapeto. AW169 imafika matani 4.8, S-92 matani 12. Helikopita ikapyola nambala imodzi mwa ziwirizi, siitera, ngakhale wodwala atakhala kayakaya.

Mzere wachikasu uja si chokongoletsera. Mkati mwake ndi theka la D, ndipo woyendetsa akaika mpando wake pamwamba pa mzerewo, amadziwa kuti miyendo ya helikopita ili pamalo olimba ndipo mchira uli kutali ndi zopinga, kaya mphuno yaloza kuti.

Ku Britain zonsezi zili m'buku la bungwe loona za ndege la CAA lotchedwa CAP 1264, lomwe lidatuluka koyamba mu 2016, ndipo maziko ake ndi buku la Annex 14, gawo lachiwiri, la bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO. Mabwalo ambiri atsopano a padenga kumeneko ndi a mamita 25 mbali zonse. Amisiri samanga bwalo loti lingonyamula kulemera kwa helikopita itaima. Amawerengera kutera kwamphamvu, kuchulukitsa kulemerako ndi 1.5, ndi kutera kwangozi, kuchulukitsa ndi 2.5, n'kuonjezapo kugwedera kwa zitsulo. M'mphepete monse mumakhala ukonde wotambalala mamita 1.5 wogwira munthu akaterereka. Mpanda woimirira saulola, chifukwa ungakole mchira. Pansi pake pamapendekeka pang'ono, pafupifupi 1 pa 100, kuti madzi a mvula ndi mafuta otayika asadikhe, ndipo ngalande zake zimadzera pa thanki yolekanitsa mafuta, kuti mafuta oyaka asatsikire m'mapaipi a chipatala.

Mphepo ya padenga

Mbali iyi ndi yomwe oyendetsa amaidandaula kwambiri, ndipo ndi yovuta kuilemba m'malamulo. Mphepo ikagunda nyumba yaitali imachita zomwe madzi a mumtsinje amachita pamwala: imakwera kutsogolo, imadumpha m'mphepete, kuseri n'kumazungulirazungulira. Bwalo likakhala padenga penipeni, losakwezedwa, limakhala m'kati mwa chipwirikiticho. Helikopita imafika bwinobwino, kenako mamita ochepa otsiriza mphepo yomwe inkaikweza imatha mwadzidzidzi, imatsika msanga, woyendetsa amakoka mphamvu yambiri, ndipo mphamvu yomwe idasungidwira tsiku lomwe injini idzafe yadyedwa kale.

Mankhwala ake ndi kukweza bwalo pa mizati kuti mphepo izidutsa pansi pake. Ku Britain amafuna mpata wa mamita 3 kapena kuposa, a bungwe loona za ndege ku America la FAA amati usachepere mafiti 6. Vuto n'lakuti patapita zaka, a zokonzakonza pachipatala amaona mpata uja ngati malo ongowonongeka n'kuikamo makina kapena katundu, ndipo mphepo ija imabwerera pamwamba. Asanamange, akatswiri amayesa chifanizo cha nyumbayo m'makina a mphepo kapena pakompyuta. Muyeso womwe adautenga ku mabwalo a pamigodi ya mafuta ya panyanja ndi wakuti kusinthasintha kwa mphepo yokwera ndi kutsika kusapyole mamita 1.75 pa sekondi. Mbali yomwe yapyola imalembedwa m'buku la bwalolo: mphepo ikachokera uku pa liwiro lakuti, chepetsani kulemera, kapena musatere. Choncho palibe nambala imodzi ya liwiro la mphepo yotseka mabwalo onse. Bwalo lililonse lili ndi mbali yake yoipa.

Palinso mpweya wotentha. Padenga la chipatala ndi pomwe pamatulukira utsi wa majenereta, maboila ndi makina oziziritsa. Mpweyawo ukakweza kutentha ndi madigiri 2 okha panjira ya helikopita, amauwerengera kale ngati chiopsezo, chifukwa injini ikameza mpweya wotentha mwadzidzidzi imataya mphamvu, mwinanso kutsamwa. Vutoli limayendanso chobwerera: utsi wa helikopita umalowa m'mabowo okokera mpweya a chipatala, fungo la palafini n'kufika m'chipinda cha opaleshoni, moti zipatala zina zimatseka mabowowo kapena kuika zosefera za makala. Ndipo makina a MRI akakhala pansanjika ya pamwamba, maginito ake amasokoneza kampasi ya helikopita, choncho malo ake amayenera kudziwika kwa oyendetsa.

Helikopita nayo imapanga mphepo yake. Kuti iime m'malere imakankhira pansi mpweya wamphamvu yofanana ndi kulemera kwake konse, ndipo mpweyawo ukagunda pansi umathamangira m'mbali. Pa 4 Malichi 2022, S-92 ya opulumutsa anthu panyanja a Coastguard inkatera pachipatala cha Derriford ku Plymouth, pabwalo loyandikana ndi malo oimika magalimoto. Mphepo yake idagwetsa anthu oyenda pansi, mayi mmodzi wachikulire adamwalira, wina adavulala kwambiri. Lipoti la mu 2023 la AAIB, bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Britain, lidapeza kuti chiopsezo cha mphepoyo kwa anthu a pafupi sichidasamalidwe mokwanira. Bwalo la padenga limachepetsa vutoli chifukwa anthu ali kutali pansi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zabwino zolimangira m'mwamba. Koma chilichonse chosamangidwa padengapo chimasanduka chida. Lata, chivindikiro cha bini, bulangete la wodwala kapena pepala la pulasitiki lingalowe m'mapiko, kapena kugwa mamita 80 mpaka pamutu pa munthu. Ogwira ntchito pabwalo amayenda kuliyendera m'mawa uliwonse ndiponso helikopita isanatere, ndipo makontilakita ogwira ntchito pamadenga oyandikana amayenera kuchenjezedwa.

Anthu a ku New York adaphunzira za zidutswa zogwa kuchokera padenga pa 16 Meyi 1977. Helikopita ya S-61 ya kampani ya New York Airways idali itaima padenga la nyumba ya Pan Am mapiko akuzungulirabe pomwe mwendo wake umodzi udathyoka. Idagwera chammbali, mapiko adapha anthu anayi omwe ankadikira kukwera, ndipo chidutswa china chidagwera pamsewu n'kupha munthu woyenda pansi. Bwalolo silidatsegulidwenso.

Makireni, chifunga ndi usiku

Bwalo labwino limakhala ndi njira ziwiri zolowera ndi kutulukira, zoyang'ana mbali zosiyana, kuti woyendetsa asakakamizike kutera mphepo ili kumsana. Njira iliyonse ili ndi denga losaoneka lomwe chinthu chilichonse sichiyenera kuliboola. Pa Performance Class 1, ICAO imati dengalo likwere mamita 4.5 pa mamita 100 aliwonse, kwa mtunda wopitirira makilomita atatu. Kutanthauza kuti pa kilomita imodzi kuchokera pabwalo, nyumba siyenera kulipitirira ndi mamita oposa 45. Mu mzinda womwe ukukula, lamuloli ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Kumadzulo kwa Royal London kuli nyumba zazitali za ku City, monga 22 Bishopsgate ya mamita 278, ndipo chaka chilichonse kumamera zina. Chipatala chomwe sichitsata mapulani a zomangamanga kukhonsolo chimangodzidzimuka njira yake imodzi itatsekeka.

Kireni ndi yoopsa kuposa nyumba, chifukwa imamera m'sabata imodzi, imazungulira, ndipo mkono wake ndi wopyapyala. Pa 16 Januwale 2013, helikopita ya AW109 idagunda mkono wa kireni ya panyumba ya St George Wharf Tower ku Vauxhall, mu London, m'mawa wachifunga. Woyendetsa adamwalira limodzi ndi munthu woyenda pamsewu. Kireniyo idali italengezedwa kale m'chidziwitso cha oyendetsa ndege chotchedwa NOTAM, koma chidziwitso sichichotsa chifunga.

Mahelikopita ambiri a odwala amafika pabwalo la chipatala ndi maso. Malamulo omwe Britain adatengera ku Ulaya amalola kuuluka masana mitambo itatsika mpaka mafiti 300, malinga woyendetsa akuona patali mokwanira: makilomita awiri ngati oyendetsa ali awiri, atatu ngati ali yekha. Usiku mitambo iyenera kukhala pa mafiti 1,200, ndipo aone makilomita 2.5 kapena atatu. Tsono taganizani: bwalo la mamita 80 lili kale pa mafiti 260 ndi kuposa. Tsiku lomwe mitambo ili pa mafiti 300, kupaki kukuoneka bwino, koma bwalo la padenga latsala pang'ono kumira mumtambo. Ku Switzerland, bungwe la mahelikopita a odwala la Rega lili ndi njira zotsikira m'mitambo motsogozedwa ndi GPS, monga yopita kuchipatala cha Inselspital ku Bern, komabe chigawo chotsiriza woyendetsa ayenera kuliona bwalolo. Nyengo yozizira palinso madzi oundana. H135 siloledwa kuuluka m'mitambo momwe ayezi angaundane pamapiko.

Usiku bwalo limafuna nyale zobiriwira m'mphepete, zotalikirana osapyola mamita 3, mzere wachikasu uja wowala, kathumba kosonyeza mphepo kowunikiridwa, ndi nyale zofiira pa zopinga zonse. Ku Britain chilichonse chotalika mamita 150 kapena kuposa chiyenera kukhala ndi nyale yofiira usiku, koma zambiri zomwe zingakole helikopita ndi zazifupi kuposa pamenepo. Magalasi oonera mumdima amathandiza kumidzi, koma m'tauni kuwala kumachuluka, ndipo nyale zina zofiira za LED sizioneka n'komwe m'magalasiwo. London's Air Ambulance imauluka masana okha. Kukada helikopita imakagona kubwalo la ndege za asilikali la RAF Northolt, madokotala n'kumayenda pa magalimoto othamanga, popeza misewu imakhala yapepuka ndipo kutera pakati pa nyumba ndi mawaya mumdima kulibe phindu lokwanira chiopsezo chake. Pamwamba pa zonsezi pali phokoso. Chilolezo cha khonsolo chimatha kutchula maola ogwiritsa ntchito bwalo, ndipo bwalo lokhala ndi nyale zonse lingathe kukhala lotseka usiku chifukwa cha pepala limenelo.

Mlengalenga mwa London nawonso muli eni ake, oyang'anira ndege za ku Heathrow ndi London City. Helikopita ya London imadziwika pa wailesi kuti Helimed 27, ndipo ikamapita kwa wovulala kapena ikanyamula wodwala imaonjeza Alpha kumapeto kuti ipatsidwe mpata patsogolo pa ena. Pobwerera yopanda wodwala ilibe mwayi umenewo.

Moto

Galimoto ya ozimitsa moto siikwera nsanjika 17, ndiye bwalo liyenera kudzizimira lokha. Thovu liyambe kutuluka pasanathe masekondi 15, ndipo lipitirire kwa mphindi zosachepera zisanu. Thovu lozimira moto lili m'magulu malinga ndi mphamvu yake: la gulu B limathiridwa malita 5.5 pa mphindi pa sikweya mita iliyonse, la gulu C malita 3.75. Tiwerengere bwalo la mamita 25 mbali zonse: ndi masikweya mita 625, ndiye pa gulu B ndi malita pafupifupi 3,400 pa mphindi, oposa 17,000 pa mphindi zisanu. Amenewo ndi matani 17 a madzi oti asungidwe ndi kupopedwa pa mphamvu yokwanira pamwamba pa nyumba, magetsi atazima kapena ayi.

Njira zilipo ziwiri. Royal London ili ndi ozimitsa moto omwe amakhala pabwalo helikopita ikamatera ndi kunyamuka. Chipatala cha King's College ku Denmark Hill, chomwe bwalo lake lidatsegulidwa mu 2016, chidaika makina otchedwa DIFFS: timipopi tobisika pansi pa bwalo tomwe timatumphuka n'kufaitsa bwalo lonse. Makinawa amachepetsa chiwerengero cha anthu ofunika, ndipo mphepo siikankhira thovu kumbali monga imachitira ndi mipopi ikuluikulu ya m'mphepete, koma amafuna kuyesedwa pafupipafupi, chifukwa timipopito timatsekeka ndi dothi. Pampu ikafa, madzi akachepa m'thanki, kapena anthu ophunzitsidwa akapanda kukwanira pa shifiti, bwalo latsekedwa basi, ngakhale kunja kuli dzuwa lowala. Payeneranso kukhala njira ziwiri zothawira, kumbali zosiyana, kuti imodzi ikhale kopanda utsi.

Apa m'pomwe ndimaona kuti anthu amaloza chala molakwika. Helikopita ikapanda kutera, onse amayang'ana woyendetsa ndi nyengo, chonsecho malire ambiri a bwalo ali m'manja mwa chipatala: yemwe amayesa pampu, yemwe amalemba ndandanda ya ozimitsa moto, yemwe amavomereza mlongoti watsopano padenga, yemwe amawerenga mapulani a kukhonsolo. Bwalo limafuna munthu mmodzi wodziwika ndi udindo wake, woti kampani za mahelikopita zizimuimbira, osati komiti yokumana kamodzi pa miyezi itatu.

Chikepe, ndi helikopita yomwe yakana kulira

Phindu lonse la bwalo la padenga ndi mphindi. Bwalo la King's lisanamangidwe, mahelikopita ankatera kupaki yapafupi ya Ruskin Park, ndipo kusamutsa wodwala pa ambulansi kunkatenga mpaka mphindi 25. Kuchokera padenga ndi pafupifupi zisanu. Mphindi 20 zimenezo zimadalira chikepe. Chiyenera kukhala chachikulu mokwanira bedi la matayala, anthu anayi kapena asanu ndi makina opumira, chikhale ndi kiyi woti chisaime pansanjika zina, chilumikizidwe ku jenereta, ndipo pakhale chinzake chikafa. Kanyumba ka chikepe sikangaime pafupi ndi bwalo chifukwa kangakhale chopinga, choncho kawirikawiri wodwala amatsetsereka kaye pa njira yopendekeka kupita pansanjika ya m'munsi. Kupendekekako kusapyole 1 pa 12, apo ayi bedi lolemera limathawa m'manja pa tsiku la mvula.

Nthawi zambiri woyendetsa amazimitsa injini wodwala asanatsitsidwe. Injini zimafuna kanthawi kozizira, kenako mapiko aime, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi pomwe akuzungulira pang'onopang'ono, chifukwa mphepo yamkuntho ingawaweramitse mpaka pamsinkhu wa mutu wa munthu. Buku la helikopita lili ndi malire a mphepo poyatsa ndi pozimitsa, ndipo padenga mphepo imakhala yamphamvu kuposa pamsewu. Palibe woyandikira woyendetsa asanakodole, ndipo palibe wodzera kumchira.

Mabwalo ambiri a padenga amalandira helikopita imodzi yokha. Yachiwiri ikabwera ndi wodwala, yoyamba iyenera kuchoka, ndiye oyendetsa sapita kutali ndi helikopita yawo pomwe madokotala akupereka wodwala pansi. Choipa kwambiri ndi helikopita yomwe yakana kulira ili padenga: batire yatha, nyale yochenjeza za tizitsulo m'giyabokosi yayaka, kapena yagunda mbalame potera. Siingakankhidwire pambali ngati palibe malo oimikapo. Amakaniko amakwera ndi zida zawo pa chikepe chomwe chija, ndipo chitsulo chikakhala chachikulu pamafunika kireni ndi kutseka msewu. Masiku onsewo bwalo ndi lotseka kwa wina aliyense.

N'chifukwa chake chipatala chilichonse chokhala ndi bwalo la padenga chimasungabe malo achiwiri apansi, oyezedwa kale, okhala ndi geti yomwe kiyi wake amadziwika komwe ali, ndi mgwirizano ndi a ambulansi kuti galimoto izifika helikopita isanatere. Mwa zipatala zinayi zazikulu za ovulala ku London, Royal London, King's ndi St George's ku Tooting zili ndi mabwalo a padenga. St Mary's ku Paddington ilibe, ndipo wodwala aliyense wopita kumeneko pa helikopita amatsikira kupaki n'kumaliza ulendo pa msewu.